Kabokosi Kamene Ndinamanga Kumphuno

Chogwirira cha kabokosi chinathyokera m'manja mwanga. Thyo! Pulasitiki ya kuno ikazizidwa imauma ngati bisiketi. Ndinatsala ndi kabokosi kudzanja limodzi, zidutswa kudzanja linalo. Mzungu wa pachipata anali atakweza kale zala ziwiri. Kwatsala mphindi ziwiri.

Mwana wanga wamkazi anali atakhala kale m'galimoto yake ya mpikisano, chisoti kumutu, manja pachiwongolero. Sanatembenuke. Inali fainolo, ndipo ankayambira pamzere wakutsogolo, koyamba m'moyo wake. Ndinali nditamuuza kuti asayang'ane kena kalikonse koma msewu.

Kabokosiko azungu amakatcha thiransiponda. N'kofiira, kakang'ono ngati sopo wosambira. Pansi pa phula, pamzere womalizira, anakwirirapo waya. Galimoto ikadutsa, kabokosi kamauza wayayo nambala yake, ndipo kompyuta ya m'kanyumba ka owerenga imalemba nthawi. Wopanda kabokosi, ngakhale athamange ngati mphepo, sanathamange. Malo ake ndi kumbuyo kwa mpando. Lamulo limatero, ndipo ndinkalidziwa.

Koma kumbuyo kwa mpando kunalibenso pokakoleka. Ndinagwada, n'kuyang'ana. Kutsogolo, kuseri kwa bampala ya pulasitiki imene timati mphuno, kuli chitsulo chopingasa. Ndinatulutsa waya m'thumba, ndinakamanga pamenepo, n'kupota katatu ndi pulayala. Ndinakagwedeza. Sikanasunthe. Kanyali kake kobiriwira kankaphethira bwinobwino.

Zaka khumi ndi zinayi ndinkakonza maminibasi ku Limbe. Kumeneko chinthu chikagwira, chagwira. Pomwe chagwirira safunsa.

Chipata chinatseguka. Ananyamuka.

Ku England ndinabwera ndikutsatira mkazi wanga. Iye ndi namwino. Ine ndinapeza ntchito yomanga matayala ku Leicester, ndipo ndikadali pomwepo. Timakhala ku Wigston. Mwanayu anabadwira kuno. Ali ndi zaka khumi, anamuitana kuphwando la mnzake wa kusukulu kumalo koyendetsa timagalimoto iti. Anabwerako osafuna kumva china. Amake anati zimutha. Sizinamuthe. Ndinagula yakale kwa mzungu wina, yopindika chasisi, ndinaiwongola ndekha m'galaja ya kuntchito Loweruka masana.

Kalabu yathu inali kumudzi, pabwalo lakale la ndege, kumene mphepo imabwera yopanda choitchinga. Lamlungu limodzi pamwezi tinkapita ndi vani yanga. Anthu akuda tinali ochepa. Ena ankabwera ndi malole, mahema akuluakulu, amakaniki ovala zofanana. Ife tinali awiri, bokosi la sipanala, ndi fulasiki. Zaka zisanu ndi ziwiri tikupita. Anakhalapo wachitatu kawiri. Kuwina ayi.

Kabokosi ndinkakakonda. Ndinene zimenezo poyamba.

Tsiku lina, mwanayu akadali wamng'ono, makina anafa ndi mvula. Anthu anawerenga maraundi ndi pensulo. Anamudumpha raundi imodzi yathunthu. Ndinapita kukafunsa. Chingerezi changa n'cha matayala. Anandimwetulira, anandiuza kuti apepesa, ndipo palibe chinasintha. Kabokosi sikatero. Kalibe maso. Sikadziwa khungu, sikadziwa kuti uyu ndi mwana wa ndani, sikadziwa kuti wabwera pa lole kapena pa vani yadzimbiri. Kamangonena nthawi.

China n'chakuti sukulu ndinalekeza Sitandade 6. Mabuku a malamulo amandizunguza mutu. Koma manambala ndimawerenga. Mpikisano uliwonse ukatha ankapachika pepala la nthawi ya raundi iliyonse, ndipo ine ndinkaima pamenepo pamodzi ndi anthu a madigiri. Ndinkaona kuti mwana akuchedwa kuyambira raundi yachisanu ndi chimodzi, ndiye kuti matayala akutentha, ndiye kuti mpweya ndachulutsa. Ndinkaphungula pang'ono. Mpikisano wotsatira manambala ankandivomereza. Papepala limenelo palibe ankandiposa chifukwa cha chilankhulo.

Ngakhale amake ankapindula. Masabata ambiri ankakhala ali pashifiti. Nthawi zonsezo zinkaoneka pafoni pomwe mpikisano ukuchitika, ndiye pabuleki ankakhala pakona, n'kumaona nambala 47 ikukwera kapena kutsika.

Kuipa kwake ndi uku. Kabokosi umagula, koma sikakhala kako kwenikweni. Chaka chikatha umalipiranso, apo ayi kamangokhala duu ngati mwala. Umayenera kukachaja usanapite. Ukaiwala, mwana wathamangira pachabe. N'chifukwa chake tinkagawana kamodzi ndi mnzanga wa ku Zambia, woyendetsa basi ku Nottingham. Iye ankathamanga m'gulu la amuna onenepa, mwana wanga m'gulu lina, ndiye sankakumana pamsewu. Akalabu ankadziwa ndipo analola. Wina akatuluka, tinkachotsa n'kukoleka kwa mnzake. Iye ankandiitana kuti achimwene. Ine ndinkamuti mudala, ngakhale anali wamng'ono kwa ine.

M'mawa wa tsikulo anandilonjera ndi chipongwe.

"Achimwene, mwakachaja? Mwezi watha munanipasa kakufa."

"Sikanafe. Kanagona podikira kuti mimba yanuyo ifike pamzere."

"Ah, imwe! Iyi mimba ni balansi."

Tinali ndi mwambo wina atatufe. Pabwalo paja Chichewa chinali chipinda chathu chotseka. Mwanayu kunyumba amamva zonse koma amayankha m'Chingerezi. Pabwalo ayi. Mahema amayandikana, ndipo aliyense amatchera khutu kuti amve mpweya umene mnzake waika m'matayala. Ndiye nkhani za mpweya, za magiya, za amene akuchedwa pakona iti, tinkazikamba m'Chichewa, mokweza, azungu ali pomwepo. Chichewa chake n'cholemera, chopindikapindika, koma chinkagwira ntchito. Kunena zoona, mwana wanga ndinkacheza naye m'chilankhulo changa Lamlungu limodzi pamwezi.

Tsikulo linali la mpikisano wotsiriza wa chaka, mu Novembala, mliri uja usanabwere. Gulu la mudala linathamanga mpikisano wake woyambirira ife tisanalowe fainolo. Iye anazungulira pakona n'kukatsakamira m'matayala a m'mbali, ndipo anabwera naye mochedwa. N'chifukwa chake kabokosi kanandifika kutatsala mphindi ziwiri, n'chifukwa chake ndinakakankha mwamphamvu, n'chifukwa chake chogwirira chinathyoka.

Ndinakaima pampanda, moyang'anizana ndi mzere womalizira. Ndi malo anga.

Anayamba bwino. Pakona yoyamba anali wachiwiri, kumbuyo kwa nambala 12, mzungu wa ku Derby womanga nyumba, munthu wa zaka makumi atatu ndi zina, amene ankawina pafupifupi mwezi uliwonse. Mwanayu anamumatirira. Raundi yachitatu ali pamsana pake. Yachisanu ndi chitatu ali pomwepo. Ena onse anatsalira kutali. Mpweya ndinali nditaika wochepa dala, kuti matayala adzagwire kumapeto. Ndinaona a 12 akuyamba kuterereka potuluka pakona yaikulu. Ake a mwana wanga ali nganganga.

Sindifuula. Ena amalumpha, amagwedeza manja. Ine ndinangogwira mpanda.

Raundi yomaliza, pakona yomaliza, 12 anatseka mkati. Mwanayu anadzera kunja, monga tinakambirana m'vani kambirimbiri, n'kutuluka ndi liwiro loposa. Anabwera limodzi, tayala ndi tayala. Mwanayu ankamupeza. Mzere ukanakhala patsogolo pang'ono, akanamupitirira. Koma mzere unali pomwe unali. Ndinaona ndi maso anga. Mphuno yabuluu ya 12 inadutsa poyamba, ndi kutalika kwa chikhatho chimodzi.

Ndinati mumtima, wachiwiri. Si zoipa.

Kenako chimkuzamawu chinalira. Folote seveni. Anabwerezanso. Folote seveni wawina. Pabolodi lamagetsi nambala yake inali pamwamba, ndipo kusiyana kwake kunali ziro, dontho, ziro, folo.

Kabokosi ka 12 kanali kumbuyo kwa mpando. Kathu kanali kumphuno, mkono wathunthu ndi theka kutsogolo. Kompyuta sinaname. Inanena kabokosi kamene kanafika poyamba. Koma kabokosi ndi kamene kanawina, osati mwana.

Palibe anatsutsa. Wa 12 anapukusa mutu kamodzi, kenako anakwezera mwanayu chala chachikulu ali mkati moyenda. Kuno kabokosi kakanena, nkhani yatha. Ubwino wake ndi womwewo.

Atatu oyamba amawalowetsa m'malo otchingidwa ndi mpanda, amene ife tinkati khola. Amakwera pasikelo, ndipo galimoto sukhudza mpaka woyendera atakulola. Woyendera wathu anali nkhalamba ya jekete lachikasu, ya magalasi olendewera pachingwe. Anayeza kulemera. Zinali bwino. Anasuzumira injini. Kumbuyo kwa mpando sanayang'aneko.

Mwanayu anavula chisoti. Nkhope yonse misozi ndi thukuta. Anandilumphira m'khosi monga ankachitira ali wa zaka zisanu, akufuula m'Chingerezi kuti tawina, tawina. Ndinamusisita pamsana.

Foni inalira m'thumba. Amake. Ndisanayankhule n'komwe, nthungululu, yotsitsa mawu chifukwa anali m'chipatala.

"Bambo, ndaona! Ndaona ndi maso angawa! Ali pamwamba!"

"Eya."

"Eya chabe? Inu mtima wanu ndi tayala kodi? Ndatumiza kale kwa amayi a kutchalitchi. Onse akudziwa. Mugule nkhuku pobwera."

"Chabwino."

Anadula, buleki itatha.

Apo n'kuti mudala akubwera chothamanga, ovolosi ili m'chiuno, mimba patsogolo. Fainolo yake inali itayandikira.

"Achimwene, kabokosi! Batiitana kudala."

Anasuzumira kumbuyo kwa mpando. Anapeza zotsalira za chogwirira basi.

"Kali kuti?"

Ndinaloza ndi mlomo. Anawerama, anaona. Anayang'ana bolodi, anandiyang'ana ine. Ndi munthu wa mpikisano, sanafune kumufotokozera.

"Ah ah. Mwachita chani imwe?"

Anadzuka, anamwetulira woyendera uja, n'kumupempha m'Chingerezi ngati tingachotse kabokosi monga mwa masiku onse. Nkhalambayo inali kulemba za galimoto yachitatu. Inangokweza dzanja osayang'ana. Chotsani.

Mudala anatembenukira kwa ine, kumwetulira kuli pomwepo, ngati akukamba za nyengo.

"Chosani manje manje. Sanaone uyu. Mukachosa, yasila nkhani."

Zinali zoona. Mwezi uliwonse tinkachotsa kabokosi m'khola momwemo, anthu akuona. Palibe akanadabwa. Waya mmodzi, kudula kamodzi.

Ndinatulutsa pulayala. Ndinagwada kutsogolo kwa galimoto.

Mwanayu anali akumwa madzi. Anatsitsa botolo. Zaka zonsezi ankandiona ndikugwada kumbuyo kwa mpando. Kumphuno anali asanandionepo.

"Adadi, mukufuna chiyani uko?" Anafunsa m'Chichewa, chifukwa azungu anali pafupi.

Ndinalowetsa pulayala kuseri kwa bampala. Anabwera, anawerama pambali panga. Kanyali kobiriwira kankaphethirabe.

"Kanali apa resi yonse?"

"Eya."

"Chifukwa?"

"Chogwirira chinathyoka."

Anayang'ana bolodi. Masamu amawadziwa kuposa ine.

"Ndiye anafika ndani?"

"Thwelofu."

"Munaona?"

"Ndinaona."

Mudala anagwada nafe, ngati tonse tikuyang'ana tayala.

"Mami, osavutika mutima. Ni kompyuta yakamba, si iwe. Sunabe kanthu. Uja ali na vikho vambiri, alibe na poika. Zaka seveni, mami! Tenga chako. Achimwene, dulani, nichedwa."

Mano a pulayala anali atagwira waya. Ndimakumbukira kuzizira kwa chitsulocho m'dzanja.

Mwanayu anaimirira. Anayankhula m'Chingerezi. Osati chonong'ona. Chingerezi cha ku Leicester, chokweza, choti khola lonse limve. Anandiuza kuti ndisakhudze. Kenako anaitana woyendera uja, n'kumupempha kuti abwere adzaone pomwe pali thiransiponda yake.

Chitseko cha chipinda chathu anachitsegula yekha. Anthu onse anatembenuka.

Mudala anagwira kumutu. "Yaba! Uyu mwana!"

Nkhalamba inabwera. Inavala magalasi, inagwada movutikira, inayang'ana nthawi yaitali. Inatulutsa tepi, inayeza kuchokera pampando mpaka pakabokosi. Inafunsa kuti wamanga ndani. Ndinati ndine. Inafunsa chifukwa chake. Ndinatulutsa zidutswa za chogwirira m'thumba, ndinaziika m'dzanja lake. Inagwedeza mutu. Inati ikumvetsa, koma galimoto isasunthe, ndipo kabokosi kakhale pomwepo.

Ndiye kuti mudala analibe kabokosi. Anathamangira kukabwereka ka kalabu, akutukwana m'zilankhulo zitatu. Anachedwa, ndipo anamuyambitsira kumbuyo kwa onse.

Ife anatiitanira kukaofesi ka mkulu wa mpikisano. Mwanayu anali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, ndiye kholo limayenera kukhalapo. Ndinaima pakhomo, chipewa m'manja. Mkuluyo anatsegula buku, anawerenga. Zambiri zinandidutsa. Chimene ndinamva n'chakuti galimoto sinali motsatira lamulo. Ine ndinkaganiza kuti amubweza pa nambala 2, pomwe anafikadi. Ayi. Anamuchotseratu pamndandanda. Lamulo lilibe theka.

Ndinayesa kuyankhula. Ndinati cholakwa n'changa, mwana sankadziwa. Mkuluyo anati akukhulupirira, koma wolangidwa ndi woyendetsa. Anamupatsa pepala. Mwanayu anasaina.

Potuluka ndinaona bolodi. Nambala 47 inali itachoka pamwamba. Inali pansi penipeni, yopanda nthawi.

Zikho amapereka kutsogolo kwa kanyumba ka tiyi, cha m'ma folo koloko, dzuwa la Novembala litayamba kale kufooka. Ndinkafuna tipakire tizipita. Mwanayu anakana ndi mutu. Anakaima kutsogolo, ovolosi ikadali m'thupi. Ataitana 12, woyamba kuwomba m'manja anali iye. Anawomba mpaka munthuyo atatsika.

Ndinaima kumbuyo, ndikumuyang'ana. Msana uli chilili. Ndinamuphunzitsa kumanga tayala. Ndinamuphunzitsa kumva injini ndi khutu, kudikira pakona, kusaopa mvula. Ichi sindikumbuka kuti ndinamuphunzitsa. Mwina amake. Mwina anabadwa nacho. Koma anthu onse aja, a malole ndi a mahema, ankadziwa kuti mtsikana waima apoyo anabwera pa vani yanga. Ndinanyada. Chikho sichikanandinyaditsa choncho.

Mayi wogulitsa tiyi, amene amatcha aliyense bakha wake monga amalonjerera anthu a kuno, anamubweretsera kapu osamulipiritsa. Wa 12 anabwera pambuyo pake, chikho m'khwapa. Anagwira mwanayu chanza, anamuuza kuti chaka chamawa sadzagona tulo chifukwa cha iye. Kenako anapisa m'thumba, anandipatsa chogwirira chatsopano, chikadali m'pepala lake. Analoza kumbuyo kwa mpando, osaseka. Ndinalandira ndi manja awiri.

Mudala anamaliza wachisanu ndi chinayi. Anadutsa pavani yathu akukoka galimoto yake.

"Naini, achimwene. Nambala yanga ya masiku onse. Olo niyambire kumbuyo, olo kusogolo, naini." Anayang'ana mwanayu, anapukusa mutu. "Iwe mami, ukakwatiwa uniuze, nikachenjeze mwamuna wako."

Mwanayu anaseka pang'ono. Kwa ine anali asanayankhule chichokereni m'khola.

Tinapakira. Iye kutsogolo, ine kumbuyo, tinakweza galimoto m'vani. Ndinadula waya uja tsopano, ndinaika kabokosi m'bokosi la sipanala. Iye ankapinda kahema kathu. Pabwalo panali patayamba kuchepa anthu. Panatsala matayala athu akale anayi, ofunika kukawasiya pamulu wa kuseri kwa kanyumba ka owerenga.

Anasiya kahemako. Anaima patsogolo panga. Panalibe mzungu pafupi, koma anayankhula m'Chichewa.

"Adadi. Ndikanakhala chete, mukanadula?"

Yankho ndinali nalo. Ndikanadula. Ndikanadula, tikanagula nkhuku, chikho chikanakhala pamwamba pa wailesi yakanema, ndipo ine ndikanachiyang'ana tsiku lililonse ndikudziwa. Iyenso yankholo ankalidziwa. Anaona pomwe panali pulayala.

Foni inalira m'thumba. Amake, shifiti itatha, ataona bolodi lasintha. Ndinaitulutsa. Ndinayang'ana mwana wanga, wamtali kundiposa, mzere wa chisoti ukadali pachipumi. Ndinamupatsa foniyo m'manja.

Ndinakoleka matayala awiri kumkono uku, awiri kumkono uko, n'kuyamba kuyenda.